Jombo M'bokosi la Everson

Nansongole ndi mtsinje wopanda manyazi. Miyezi yambiri umangoyenda nyang'anyang'a, ana n'kumaudumpha popita kusukulu, koma ikangokwana Malichi umachita ngati tinaulakwira. Chaka chatha unakokolola nyumba khumi ndi zinayi za kwa Muhiriri, mbuzi, chimanga chili chiimire m'munda, ndi anthu anayi. Chaka chino sunatenge munthu. Unachita kubweza, ndipo ine ndimati bola ukanangotenga monga mwa masiku onse.

Bwana wanga anandiitana Lachinayi m'mawa.

"Sajeni Triza, kwa Muhiriri si kwanu kodi? Mlatho wapita, galimoto singawoloke. Inu tinjira ta m'tiyi mumatidziwa. Madzi agumula manda, ndiye akuti m'bokosi lina muli munthu, pomwe simuyenera kukhala munthu."

Ndinawayang'ana kuti mwina abwanawa alawa kena kake m'mawa muno. Sankaseka.

Ndinatsika minibasi pa Masambanjati n'kudzera m'minda ya esiteti. Nkhungu inali itakuta tiyi yense. Nthawi imeneyo mizere imakhala yodzaza ndi othyola tiyi, akapitao akukalipa, amayi akuimba. Tsikulo munalibe ndi mmodzi yemwe. Madengu anali atangosiyidwa pamwamba pa tiyi, ena muli masamba theka. Ine ndakhala wapolisi kwa zaka khumi ndi ziwiri, mitembo ndaiona yambiri, koma madengu amenewo anandiimitsa tsitsi.

Kumanda ndinapeza anthu ataima patali, ali duu. Mtsinje unali utadula gombe, ndipo bokosi limodzi linatulukira theka m'dothi lofiira, chivindikiro chitang'ambika. Pamtanda wopendekera panalembedwa kuti Everson Nihaka.

Everson ndinkamudziwa. Anali mkamwini wochokera ku Kapichi, wothyola tiyi, yemwe anakwatira Tisungane wa kumunsi kwa mudzi. Anthu anamusankha kukhala mlonda wa mtsinje. Pokhota Nansongole pali khoma la matumba a mchenga ndi miyala, lomwe timangoti dayiki, lotchinga madzi kuti asalowe kunyumba za kumunsi. Madzi akafika pa chizindikiro chofiira, Everson ankaimba wezulo kuti anthu athawire kumtunda. Chaka chatha wezulo sanalire. Dayiki inagumuka dzuwa litakwera kale, madzi n'kupha mayi wina ndi ana ake awiri. Atatuwo anapezeka. Everson sanapezeke, ndipo anthu anati mtsinje unamutenga asanaike wezulo pakamwa.

Kwathu kuno munthu akasowa chotero sitisiya manda ake opanda kanthu. Timadula thunthu la nthochi, kuliveka malaya a malemuyo, kuliika m'bokosi n'kulilira ngati munthu. Ndi zimene zinachitika. Ine ndinali pantchito, sindinakhalepo, koma mudzi wonse unkadziwa kuti m'manda a Everson munagona nthochi.

Ndinatsetsereka pagombe n'kusuzumira.

Nthochi sivala jombo. M'bokosimo munali mafupa a munthu, jombo zili kumapazi onse awiri, epuloni ya pulasitiki ya othyola tiyi ili m'chiuno, wezulo ali pakhosi ndi chingwe chake. Pansi pa mutu panali malaya opindidwa bwinobwino, osavalidwa. Nditatembenuza chigaza ndinapeza chibowo kunkhongo, chachitali ngati mlomo wa khasu. Ndinavula jombo imodzi n'kuigwedeza. Simunatuluke mchenga. Munatuluka utuchi wa matabwa, wakuda bii ndi chinyezi.

"Wabwera yekha," anatero mkulu wina kumbuyo kwanga. "Anatuluka m'madzi n'kudzalowa m'manda mwake. Wakana kuti m'malo mwake mugone nthochi."

"Bodza limenelo!"

Amene anakuwayo anali Douglas, mkulu wake wa Everson. Anali atabwera ndi amuna asanu a ku Kapichi, zikwanje zili m'manja, wina atanyamula chigubu cha petulo.

"Mbale wanga anachita kuphedwa. Mkazi wake uja ankakangana naye daily. Bokosi akuti sanalisuzumire n'komwe, chifukwa ankadziwa chili m'katimo. Inu apolisi, mutipatse munthu. Dzuwa likalowa musanatipatse, tikamutenga tokha, ndipo nyumba yake ikhala phulusa."

Netiweki kunalibe, mlatho kunalibe, mfuti ndinalibe. Ndinali ndi unyolo umodzi basi ndi kabuku konyowa.

*

Tisungane ndinamupeza m'tchalitchi cha Sabata, komwe anthu a kumunsi amathawira madzi akakwera. Anakhala pakona, mwana wake Mwai ali pabere, anthu ena onse atasendera kutali ngati ali ndi mphere.

"Achemwali, ndi iyeyo?" anafunsa asanandipatse moni.

"Wezulo ali pakhosi."

Sanalire. Anangoyang'ana khoma.

"Chaka chonse ndakhala ndikumufuna kumtsinje. Mvula ikagwa ndimatsika kukayang'ana m'mabango, kuti mwina fupa, mwina jombo. Kani ali pomwe ndimakaika maluwa."

"Munkakangana?"

"Eya. Ndinkamuuza kuti asiye za wezulozi, salandira kanthu, adzafera anthu osayamika. Tsikulo anachoka kutiyi n'kupita ku dayiki osadya n'komwe. Mawu anga omaliza anali akuti, 'Pita, ukakwatire mtsinjewo.' Ndi zimene a Douglas akuzitcha kupha."

"N'chifukwa chiyani sunasuzumire m'bokosi?"

"Ndinali ndi pakati pa uyu. Azimayi anati woyembekezera sayang'ana maliro, kaya ndi a nthochi. Ndinangopereka malaya ake a kutchalitchi kuti akaveke thunthulo."

"Unapereka kwa ndani?"

"Kwa amene ankakhoma mabokosi." Anandiyang'ana koyamba. "Atsibweni anu, a Fabiano."

Ndinalemba dzinalo m'kabuku ngati la munthu wachilendo. Atsibweni anga ndiwo kalipentala yekha kwa Muhiriri, ndipo bokosi lililonse la m'mudzimo limadutsa m'manja mwawo. Ndinadziuza kuti zimenezo sizitanthauza kanthu.

"Masiku amene munkamufuna, unafika pati?"

"Ponseponse. Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu. Ndinkayenda m'mbali mwa mtsinje ndikuitana, kenako n'kukwera m'tiyi ndikuitana, mpaka mawu anatha. Lachisanu anati basi, tiike onse anayi Sabata lisanalowe."

*

Benard ndinamupeza atakhala pa chitsa kuseri kwa shedi yoyezera tiyi, atakumbatira botolo. Benard ndi uja amanyamula maliro aliwonse, kaya akumudziwa malemuyo kaya ayi, bola kumapeto kukhale thobwa.

"Aaa, bwana achemwali! Mwabwera kudzamanga mtsinje? Mangani, watikwana!"

"Bokosi la Everson unanyamula nawo?"

"Kutsogolo, kumanja. Ine ndi front wheel."

"Linkalemera?"

"Nthochi imalemeratu, ndi madzi okhaokha. Palibe anadabwa." Anakweza botolo, koma analibweza lisanafike pakamwa. "Koma potsika pa chitunda paja, titapendeketsa, m'katimo munamveka gu! Ngati chidendene chagunda thabwa. Ndinayang'ana anzanga, onse maso kutsogolo, akuimba. Ndinati Benard, ndi mowa wa dzulo uja umenewu."

"Fungo?"

"Achemwali, sabata imeneyo chinkanunkha n'chiyani, chosanunkha n'chiyani? Mbuzi zakufa m'mitengo, zimbudzi zitasefukira, mabokosi ena atatu muli anthu oti akhala m'matope masiku anayi. Tonse tinali titamanga mipango pamphuno."

Ndinayamba kutseka kabuku, iye n'kundigwira mkono.

"Dikirani. Pali china chimene chimandisowetsa tulo. Ndinavala malaya oyera obwereka kwa mlamu wanga. Bokosi linkadontha, madzi n'kundinyowetsa paphewa. Ndinati ndafa ine, utomoni wa nthochi suchoka, kaya uchape ndi chiyani, banga lake limakhala mpaka malayawo adzathe. Mkazi wanga anachapa kamodzi kokha. Anayera mbee!" Maso ake anali atasiya kuseka. "Mwana aliyense wa ku Thyolo amadziwa utomoni wa nthochi. Umene uja sunali utomoni."

"Bwanji sunanene?"

"Ndikanene kuti chiyani? Kuti ine chidakwa ndachapa malaya ayera?" Anaseka mouma. "Komatu inu Mulungu amakukondani. Madzi atatsamira dayiki ankabwerera kutsidya kwanu kuja, anali atafika pakhonde la mayi anu. Dayiki itangogumuka, phwa! Onse anathamangira kumunsi. Nyumba ya mayi anu inatsala youma."

Zimenezo ndinkazidziwa. Mayi anga anafa ziwalo zaka zitatu zapitazo, satha kudzuka okha. Chaka chonse ndakhala ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha nyumba youmayo. Ndinatseka kabuku n'kunyamuka.

*

Kwa Muhiriri nthochi zinatha kalekale ndi matenda a chisaka, ndipo zotsala za m'madimba zinapita ndi madzi. Munthu mmodzi yekha anali nazo: mayi Leah, namwino wopuma pantchito, amene nyumba yawo ili pamwamba pa phiri moyang'anana ndi tiyi. Ndinawapeza atakhala pakhonde, Baibulo lili pamwendo koma lotseka.

"Ndimadziwa kuti ubwera, mwanangu. Khala pansi."

"Thunthu la Everson linachokera kuno?"

"Ndinadula ndine, Lachisanu m'mawa. Ndinasankha lalitali bwino, msinkhu wake. Ndinamanga kansalu koyera kumtunda kwake kuti oveka adziwe kumutu. A Fabiano analinyamula paphewa okha. Ndinati ndiitane anyamata akuthandizeni, anakana."

"Kenako?"

Nkhungu inali ikukwera kuchokera kumtsinje, ikumeza mizere ya tiyi umodziumodzi.

"Atsibweni ako anagwira ntchito sabata imeneyo, Triza. Mabokosi anayi, osalipiritsa munthu. Hamala inkamveka mpaka kuno, kuyambira Lolemba masana. Gogogo, gogogo, osapuma. M'busa anawatchula pa guwa kuti ndi chitsanzo."

"Mayi, dzuwa likupendeka. Tisungane amuwotchera nyumba."

Anatseka maso.

"Lamulungu, maliro atapita, ndinkadutsa m'tiyi kukaona wodwala. Mu ngalande ya kuseri kwa shedi ya a Fabiano ndinaona thunthu la nthochi, atalikwirira ndi masamba. Kansalu kanga koyera kali pomwepo."

"Ndiye munatani?"

"Ndinadziuza kuti mwina linali lalitali, anakadula lina. Koma akanalidula kuti? Mudzi wonsewu nthochi zili pano pokha." Misozi inatsika, osaipukuta. "Ndinagwira ntchito m'chipatala zaka makumi atatu. Ndimadziwa kusiyana kwa kusadziwa ndi kusafuna kudziwa. Ndinaopa, mwanangu. Ndipo Sabata lililonse ndimakhala benchi imodzi ndi mtsikana uja."

Ndinadzuka. Ndisananyamuke anandifunsa ngati ndikufuna kuti apemphere. Ndinakana, ndipo ndinakana mwaukali. Ndinali nditakwiya ndi iwo, ndi Benard, ndi mtsinje, ndi ine ndemwe.

*

Hamala ndinayamba kuimva ndisanaione shedi. Gogogo, gogogo. Mvula inali itayambanso kuwaza, ndipo kumunsi Nansongole ankalira mokulirakulira.

Atsibweni anga ndi amene anandilera bambo atamwalira. Ndiwo anandikhomera bokosi la matabwa lopita nalo ku sekondale. Madzi akakwera, ndiwo amabereka mayi anga kumsana kukwera nawo kutchalitchi, chaka ndi chaka, ngakhale iwonso tsitsi layera. Ndinawapeza ataweramira matabwa atsopano a bulugamu, utuchi uli mbwee pansi mpaka m'akakolo.

"Wafika, Triza." Sanatembenuke. "Bokosi lija laola. Ndikumukhomera lina."

"Simunapite kumanda kukayeza."

"Muyeso wake ndikuudziwa."

Ndinatulutsa utuchi wakuda uja, womwe ndinaukulunga m'pepala, n'kuuika pa thabwa.

"Atsibweni, inu mwaika anthu ambiri otengedwa ndi madzi. Alipo amene anapezeka ali chivalire jombo?"

"Palibe. Mtsinje umavula munthu zonse."

"Everson sanalowe m'madzi. M'jombo mwake mulibe mchenga, muli utuchi. Thunthu la mayi Leah linaolera mu ngalande kuseri kuno. Ndiuzeni kuti ndikunama, chonde. Ndiuzeni kuti wina anabwera kudzasintha inu mutachokapo, ndikhulupirira."

Anaika hamala pansi pang'onopang'ono n'kukhala pa benchi. Ndinaona kuti akalamba kuposa mmene ndinawasiyira pa Khirisimasi.

"Lolemba limenelo ndinali kumunda wa kutsidya. Pobwera ndinapeza madzi atadula njira ya kutchalitchi, ali pakhonde la mayi ako. Kuwabereka sikukanatheka, tikanapita tonse awiri. Ankandiyang'ana ali pamphasa, pakamwa pawo pakungoyenda. Ndinatenga khasu. Ndinati ndikangotsegula dayiki pang'ono, madzi apungukire kumunsi, Everson aimba wezulo, anthu athawa. Nyumba zimamangidwanso."

"Everson anakupezani."

"Anandipeza nditang'amba kale matumba atatu. Anandigwira kumbuyo, akukuwa kuti kumunsi kuli ana, kuli mkazi wake. Tinalimbana. Atatembenuka kuti aike wezulo pakamwa, ndinaganiza kuti akuitana anthu adzandione." Anayang'ana manja awo. "Kamodzi kokha, Triza. Wezulo uja akanapulumutsa anthu atatu. Ndinamuletsa ndine."

Koma funso limodzi linkandivuta kuyambira kumanda.

"Mtsinje unali pomwepo. Bwanji simunangomukankhiramo? Palibe akanadziwa mpaka kalekale."

"Ankapuma."

Mvula inakula padenga la malata.

"Ankapuma, ndiye ndinamunyamula kudzera m'tiyi kubwera naye kuno. Ndinamugoneka pa utuchi apo. Ndinati madzi akaphwa ndipita naye kuchipatala. Koma mlatho unali utapita, ndiye kunabwera uthenga wa mayi uja ndi ana ake. Akanachira akananena. Ndinkamumwetsa madzi, ndinkamufunditsa. Sindinamuphe kachiwiri, koma sindinaitanenso munthu. Anatsirizika Lachitatu madzulo." Anapukuta kumaso. "Kumutaya ngati galu sindikanatha. Ndinamuika m'manda ake enieni, malaya ake kumutu, m'busa anamupempherera, mkazi wake anamulira. Ndinkati zimenezo zokha ndamuchitira."

"Lachitatu."

Mawuwo sanali anga. Tisungane anali ataima pakhomo, madzi akuchucha pa chitenje chake, Mwai ali kumsana. Kaya anandilondola kuchokera pati, sindikudziwa. Kumbuyo kwake, patali pang'ono, kunali Douglas ndi anthu ake, zikwanje zitaloza pansi. Iwonso anali atamva.

Tisungane analowa. Anayang'ana pakona pomwe atsibweni analoza, pa mulu wa utuchi.

"Lachiwiri ndinadutsa panjira apa," anatero motsitsa. "Ndinaima pa mtengo wa mapeyala uwo. Ndinaitana dzina lake kambirimbiri. Inu munatuluka n'kundiuza kuti ndikapume, ndili ndi pakati. Ankandimva?"

Atsibweni anaweramitsa mutu.

"A Fabiano, ndakufunsani. Ankandimva?"

"Ankakumva."

"Nanga bwanji sanayankhe?"

"Ankayankha. Mawu ake anali ochepa, koma ankayankha. Ukayamba kuitana, ine ndinkatenga hamala."

Palibe anayenda. Ndinakumbukira mayi Leah akunena za hamala yosapuma, ndi m'busa akuyamikira pa guwa. Tisungane sanakuwe, sanawalavulire. Anatola hamala ija pa thabwa, anaiyang'ana uku ndi uku, kenako anandipatsa ine m'manja.

"Iyinso mupite nayo, achemwali. Isadzalirenso m'mudzi muno."

Anatuluka, n'kudutsa pakati pa amuna a ku Kapichi. Anamupatukira. Douglas anavula chipewa, koma Tisungane sanamuyang'ane.

Ndinaima pakhomo n'kuuza Douglas kuti munthuyu ali m'manja mwa boma, ndipo aliyense womukhudza ayambe wadutsa pa ine. Kaya anaopa yunifolomu, kaya mphamvu zinangowathera, sindikudziwa. Yemwe ananyamula petulo uja anatula chigubu pansi.

Apo ndi pamene tinamva kukuwa kuchokera kumunsi. Amayi ankaitana ana, ziwaya zikuombedwa, chifukwa chiyambire kusowa kwa Everson palibe anavomeranso kutenga wezulo. Nansongole anali atafikanso pa chizindikiro chofiira.

Atsibweni anadzuka msanga, mwachizolowezi, n'kuyamba kufunafuna chitenje chomwe amaberekera mayi anga. Anachipeza pa msomali. Atatembenuka anaona unyolo uli m'manja mwanga.

"Triza, madzi akukwera. Mayi ako awanyamula ndani?"

Ndinawalanda chitenjecho n'kuchikoleka paphewa langa. Unyolo unakana kutseka kawiri konse. Kachitatu unatseka.

"Ndiwabereka ndekha, atsibweni. Tiyeni."